Tiger Fern ikutaya mizere yake yachikasu

Mayi wa nazale, Lilongwe:
Moni nonse anzanga apantchito. Ndili ndi Tiger Fern, mtundu wa fern (mbewu yokongoletsera ya masamba onga nthenga) yotchedwa Nephrolepis exaltata pa dzina la sayansi, wokhala ndi mizere yachikasu pamasamba, ndipo hotela ina yaitanitsa miphika 40 yoti ikongoletse khonde lake mu Disembala. Vuto langa ndi lakuti masamba atsopano ambiri akutuluka obiriwira okhaokha, pomwe amizere aja akupsa kunsonga. Mbewuzi zili pansi pa neti ya mthunzi, ndimazithirira madzi a pamjigo, ndipo mwezi watha ndinazithira yuliya pang'ono. Kodi pali feteleza amene angabwezeretse mizereyo?

Bambo wa nazale, Zomba:
Amayi, feteleza wotero kulibe, ndipo mavuto anuwa ndi awiri osiyana. Ndiyankha za kubiriwira. Malo achikasu patsamba ali ndi zochepa kwambiri za chobiriwira chija chimene mbewu imapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, choncho phata lililonse limene labwerera ku mtundu wobiriwira limakula msanga kuposa anzake, ndipo mukalisiya limadzaza mphika wonse mpaka amizere aja kufota. Kudula tsamba lokha sikuthandiza, chifukwa phata lomwelo lidzatulutsanso lina lobiriwira. Zulani mbewu yonse mumphika, londolani tsamba lililonse lobiriwira mpaka pomwe lamerera, kenako chekani phatalo ndi mpeni wakuthwa pamodzi ndi mizu yake. Musalitaye, libzaleni palokha ndipo mulitchule Boston fern wamba, womwe ndi mtundu wobiriwira umene Tiger Fern inachokerako, pakuti ogula ake alipo.

Mayi wosamala maluwa a m'maofesi, Blantyre:
Za kupsa kwa nsonga, ine ndikukayikira yuliyayo. Mizu ya fern ndi yanthete ndipo siipirira mchere wochuluka, kaya wochokera ku feteleza kaya wotsalira m'dothi madzi a pamjigo akamauma tsiku ndi tsiku mu Okutobala muno. Onani ngati m'mphepete mwa miphika muli zoyera zoundana. Zikakhalapo, thirani madzi ambiri mpaka atuluke pansi pa mphika, ndipo mvula ikayamba muzisunga madzi ake m'migolo. Feteleza akhale wosungunula m'madzi, theka la mlingo wolembedwa pabotolo. Ndinganenenso kuti mthunzi wanu wachuluka, chifukwa m'malo amdima mizere imazilala.

Bambo wa nazale, Zomba:
Pa za mthunzi tisamale, amayi anga. N'zoona kuti mdima umazilalitsa mizere, koma malo achikasu aja ndi amene amayamba kupsa dzuwa likawomba, ndipo mpweya wa ku Lilongwe m'chilimwe ndi wouma kuposa wa kuno m'munsi mwa phiri. Neti isachotsedwe. Miphika ingosunthidwira chakum'mawa, komwe ingalandire kuwala kwa m'mamawa kokha, iunjikidwe pamodzi, ndipo pansi pazithiridwa madzi masana kuti chinyezi chikwere.

Mnyamata wophunzira ntchito, Mzuzu:
Akuluakulu, bwanji osafesa ufa umene umakhala kunsi kwa masamba kuti mbewu zichuluke msanga?

Mayi wosamala maluwa a m'maofesi, Blantyre:
Achimwene, pa mtundu uwu njirayo si yodalirika. Boston fern inapezeka m'chaka cha 1894 pakati pa mbewu zimene zinatumizidwa kuchokera ku Philadelphia kupita ku Boston, ndipo alimi akhala akuichulukitsa pogawa mapata, pobzala zingwe zake zija zolendewera, kapena m'malabotale, chifukwa ufa wa mitundu yambiri yochokera kwa iyo sumera bwino. Zingwezo mungazikhomere m'dothi lonyowa la mphika wina osazidula kwa make, koma mphukira iliyonse muiyembekezere itulutse masamba angapo musanaiwerenge ngati Tiger, popeza zina zimatuluka zobiriwira. Amene akufuna fern yamizere yofesa ayese Pteris cretica 'Albolineata', ya mzere woyera pakati pa tsamba, yomwe ana ake amafanana ndi make. Komabe kufesa kumatenga miyezi yambiri, choncho sikungathandize pa oda ya Disembala.

Mayi wa nazale, Lilongwe:
Zikomo kwambiri. Ndayang'ana miphika, ndipo zoyera zija zilipodi. Ndikachotsa mapata obiriwira, miphika yodzaza bwino siikwana 40, kotero ndiwapempha a hotela kuti yotsalayo ikhale ya Boston fern wamba pamtengo wotsikirapo. Nanga pobzalanso ndigwiritse dothi lotani?

Bambo wa nazale, Zomba:
Sakanizani kompositi wakupsa bwino, makungwa a paini owola ndi mchenga wa kumtsinje wokhakhala, kuti madzi azidutsa koma chinyezi chizitsala. Dothi lakatondo lisalowemo. Phata likhale pamlingo womwewo umene linali kale, osalikwirira, ndipo feteleza adikire mpaka muone masamba atsopano akutambasuka.