Za wailesi ya m'galimoto ija, ndagula tsopano

Abale, paja ndinafunsa kuti pa Corolla yanga yochokera ku Japan ndiikepo iti: Pioneer yolembedwa 50W x 4 (mawati 50 pa sipika iliyonse, masipika anayi), kapena yotchipa ya ku Kamwala kuno ku Lusaka, yopanda dzina lodziwika, yolembedwa 100W x 4. Zikomo nonse munayankha.

Amisiri a zamagetsi a ku Matero anangoitembenuza yotchipayo n'kundionetsa fyuzi yake kumbuyo, ya 10A. Akuti, "Achimwene, werengani nokha." Injini ikamalira, magetsi a galimoto amakhala pafupifupi mavolti 14.4, ndiye 10A kuchulukitsa ndi 14.4 ikupatsani mawati 144 basi, wailesi yonse. Nanga mawati 400 a 100W x 4 aja achokera kuti?

Nambala yaikulu ya pa katoni ndi peak, mphamvu ya kamphindi chabe. Yofunika ndi RMS, mphamvu imene wailesi imapereka mosalekeza, ndipo wailesi wamba zambiri zimathera pa mawati 20 kapena 22 pa sipika ya 4 ohm. Pioneer nayonso 50 wakeyo ndi peak. Ndipo ngakhale mawati atawirikiza kawiri, phokoso limangokwera ndi 3 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso), pang'ono ndithu.

Ndatenga Pioneer, koma osati chifukwa cha mawati. Ili ndi potulukira pa RCA, polumikizira ampulifaya yokweza mawu, ndiye ndikadzapeza ndalama ndidzailumikiza. Komanso wailesi yobwera ndi galimoto inkangogwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, monga mawailesi akale a ku Japan, moti masiteshoni a kuno opitirira 90 sindinkawamva.

Vuto latsala masipika akumbuyo, ang'ambika ndipo akulira ngati chitini. Ogulitsa abwino m'tauni muno akupezeka kuti?