Milombwa itatu ya kumudzi: tidule kapena tiisiye?

Kalipentala wa ku Glen View

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndimapala matabwa ku Glen View Area 8, chaka chino ndi cha 14. Ndinabadwira konkuno ku Harare, koma malemu bambo anga kwawo kunali ku Ntcheu. Sabata yatha azakhali anandiimbira foni. Kumalire a munda wawo kuli milombwa itatu imene agogo anaisiya dala pamene ankaswa mphanje. Kwabwera anyamata ocheka matabwa, akufuna kuigula yonse itatu ili chiimire. Azakhali akufuna malata, nyumba ikudontha.

Maganizo anga ndi oti ndiwapatse ndalama yoposa ya anyamatawo, ndichekese, matabwawo abwere kuno kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Mukudziwa nokha kuti mlombwa, umene kuno amati mukwa, wasowa. Ife timangogwira paini wochokera cha ku Mutare ndi Chimanimani, nthawi zina ali wauwisi ndithu. Ukhoma chitseko lero, pakatha miyezi itatu mwiniwake wabwera nacho chitapindika ngati uta.

Koma mtima sukundilola. Mitengoyo ndinaiona mu 2011. Bambo anatema khungwa pang'ono ndi mpeni, panatuluka utomoni wofiira ngati magazi, n'kundiuza kuti ali mwana ankawapaka umenewo pa zipere. Ndiye ndidule? Ngati n'kudula, ndichite bwanji kuti thabwa lisawonongeke?

Agogo a ku Mufakose

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usanatumize ndalama. Ndisanabwere kuno mzinda uno ukadali Salisbury, ndinachekako matabwa kwathu ku Dedza. Ndinali wa m'dzenje, amene utuchi umamuthira m'maso, mkulu wanga ali pamwamba kutsata chingwe chopaka makala.

Choyamba, munda umenewo ndi wa azakhali ako ndi ana awo. Kwathu kuja mwana wa mwamuna salamula za munda wa kuchikazi. Upemphe, usalamule.

Chachiwiri, usadule yonse. Mlombwa suthamanga. Ukamera umatha zaka zingapo ukuphuka dzinja n'kuuma chilimwe, uku ukukulitsa muzu pansi. Anthu amayesa wafa, amaulimira limodzi ndi udzu. Kuti ufike poti sowo n'kulowapo, wodzala uja amakhala atapita kale kumanda. Pa itatuyo sankha umodzi, wokhwima kwambiri kapena umene wayamba kuuma nsonga. Umene umabala njere zambiri, zija zozungulira ngati mbale zaminga pakati, ausiye.

Adule m'chilimwe masamba atayoyoka. Ndipo upeze ocheka ndi sowo yamanja ngati alipobe. Makina aja amafulumira, koma mano ake ndi okhuthala, matabwa angapo amathera mu utuchi. Akacheka asayanike padzuwa. Awasanje pamthunzi, pansi aikepo njerwa, pakati pa thabwa ndi thabwa timitengo toonda tofanana, pamwamba miyala yolemera. Kumapeto kwa matabwa apakeko penti yotsala kuti asang'ambike. Ife tinkawerengera chaka chimodzi pa thabwa lokhuthala inchi imodzi. Ubwino wa mlombwa ndi woti ukauma sufota kwambiri, n'chifukwa chake zitseko zake zimatseka chimodzimodzi dzinja ndi chilimwe. Koma usamale ndi mbali yoyera ya kunja ija, imafumbwa. Chiswe chimaopa mtima wofiirawo basi.

Nthambi asazisandutse nkhuni. Zikuluzikulu zimatuluka miyendo ya mipando, zing'onozing'ono mithiko ndi zipande. Masiku athu pamtengo umodzi pankadya anthu anayi.

Mayi a geni a ku Mbare

Achimwene, ine za kupala sindilowererapo, koma msewu umenewo ndimauyenda. Zobweretsa matabwa pa basi ziiwaleni. Kumapeto kwa 2022 mayiko anagwirizana pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo) ku Panama kuti mitengo ya mtundu wa mlombwa ya muno mu Africa, pamodzi ndi mbawa, isamatuluke m'dziko popanda chilolezo, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu 2023. Inu mudutsa mayiko atatu, pa Mwanza ndi Zobue, kenako pa Cuchamano ndi Nyamapanda. Paliponse akufunsani mapepala. Ndalama yoyendetsera zimenezo pa mtengo umodzi iposa phindu lake.

Ngakhale kudula komweko, azakhali adzere kwa amfumu ndi kwa alangizi a zankhalango asanagwetse. Matabwa opanda kalata amalandidwa pa rodibuloko.

Mphunzitsi wa ku Epworth

Agogo anena zoona, koma ndiloleni ndiwaimire azakhali. N'kosavuta ife tili ku Harare kunena kuti mtengo usadulidwe, pamene wodontheredwa ndi wina. Mukawaletsa osawapatsa malata, mvula yoyamba ikagwa adzagulitsa yonse itatu pa mtengo wolira, ndipo simudzawaimba mlandu. Choncho malata atsogole.

Chimene chimandiwawa ine ndi choti phindu la mtengo silitsala kumudzi. Mwini munda amalandira tindalama ta mtengo woimirira, wocheka apeza pang'ono, ndalama yeniyeni ikathera mu shopu ya m'tauni. Chonsecho pafupifupi msika uliwonse wa kumudzi uli ndi mmisiri wake pansi pa mtengo wa mango. Akusowa thabwa louma ndi zipangizo zakuthwa, luso ali nalo. Pitani ku Mua mukaone zosema za pa KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, mudzadziwa zimene manja a kwathu amatha. Inu muli ndi zaka 14 pa ntchitoyi. Bwanji osapita nokha matabwa akauma, mukagwire ndi mmisiri wa komweko, chitseko ndi mafelemu a azakhali zikapangidwire pakhomo pomwepo?

Za kubzala. Mlombwa umaphuka ndi nthambi. Adule zolimba ngati mkono wa munthu, azizike mozama mvula isanayambe, ngati mmene timachitira mpanda. Si zonse zigwire, koma zina zigwira. Aziteteze ku mbuzi ndi ku moto wa mu Okutobala, chifukwa moto wa nthawi imeneyo ndi umene umapha timitengo. Koma wa matabwa a tsiku ndi tsiku abzale malaina. M'zaka 12 kapena 15 amachekeka, sapindika akauma ngakhale amachedwa kuuma, ndipo chitsa chake chimaphukanso. Bulugamu ndi wa milimo ya denga, koma atalikirane ndi dimba ndi chitsime. Ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mbande sizivuta kupeza nthawi imeneyo.

Tisamayese kuti mitengo yambiri siitha. Ku Chikangawa kunali mahekitala oposa 50,000 a paini, lero malo ambiri ndi zitsa. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu kuthengo.

Kalipentala wa ku Glen View

Zikomo kwambiri agogo, mayi, ndi inu aphunzitsi. Za munda wa kuchikazi zandilasa, chifukwa ndinali nditayamba kale kulankhula ngati mitengoyo ndi yanga.

Ndawaimbira azakhali usiku wathawu. Malata nditumiza ndalama yake kawiri, mwezi uno ndi wamawa. Avomera kudula umodzi wokha, wa kufupi ndi chulu, umene anati mphepo inauthyola nthambi yaikulu chaka chatha. Msuweni wanga apita kwa amfumu Loweruka. Matabwa akhala pakhonde la kuseri mpaka chaka chamawa, ine ndidzapita ndi matchizulo anga ndi mwala wonolera. Ndadziwanso kuti mmisiri wa pamsika wa kwathuko ndi mwana wa mnzawo wa bambo, ankasewera bawo limodzi.

Agogo, funso linanso. Chitsacho achisiye chachitali bwanji kuti chiphukenso, ndipo pamwamba pake apakepo kanthu kapena achisiye choncho?