Munthu wosamudziwa akakuchitira chifundo, ndi Mulungu kapena zangochitika?

Wa ku Chilomoni:
Abale mwaswera bwanji, ndili ndi funso koma musandiseke chonde. Ntchito inandithera chaka chathachi, anangoti tikuchepetsa anthu basi, ndiye kuyambira pamenepo mapemphero anga anayamba kuzilala, kutchalitchi ndimapita inde koma ndi thupi lokha, mtima umakhala ukuwerengera lendi ndi fizi ya ana. Sabata yatha ndinapita ku Limbe kukasiya makalata ofunsira ntchito, pobwerera ndakwera minibasi kondakitala akuti mtengo wakwera, ndalama yanga yaperewera. Mukuwadziwa anyamata aja mmene amalalatira, anthu onse maso pa ine. Mayi ena amene anakhala kumbuyo ndi dengu la tomato pamiyendo anangomasula kansonga ka chitenje nkulipira yotsalayo, ndipo potsika pa Ginnery Corner anandigwira paphewa nkuti achimwene musamawerame choncho, Mulungu sanagone. Basi anapita, ngakhale dzina sindinafunse. Ndalamayo inali yochepa koma usiku umenewo ndinapemphera mmene sindinapempherere kwa miyezi. Tsono funso langa ndi ili, kodi Mulungu amatumadi anthu chonchi kapena ndikungokokomeza poti ndili pamavuto? Ndipo ngati ndi Iyeyo, bwanji akundilipirira minibasi mmalo mondipatsa ntchito?

Mjoni:
Achimwene simukukokomeza ayi. Ine ulendo wanga woyamba wobwera kuno ndinadzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndafika pa Park Station ku Johannesburg nditatopa zedi miyendo itatupa, msuweni amene amati adzandichingamira foni yake osapezeka. Kunja kukuda, kuzizira kwa mu June, chilankhulo sindikuchimva, ndipo aliyense anali atandichenjeza kuti pamenepaja usakhulupirire munthu. Bambo ena anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa nkundifunsa kuti kwanu nkuti. Anali Msilamu wa ku Mangochi, kachisoti kali kumutu. Anandigulira tiyi ndi buledi, anandibwereka foni, msuweni atakanikabe kupezeka ananditenga kukagona kwawo, pansi pa katoni koma mofunda. Mmawa iwo adzuka kukaswali ine ndikupemphera m'dzina la Yesu pakona, palibe anafunsa mnzake kuti bwanji.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya Msamariya wachifundo pa Luka 10 ndimaimva mwina. Ife timangoiwerenga ngati ya munthu wabwino, koma Ayuda ndi Asamariya sankayenderana, ndipo wansembe ndi Mlevi, anthu a mpingo wake womwe wa wovulalayo, ndi amene analambalala. Ndiye inde Mulungu amatuma, koma satifunsa kuti mukufuna nditume wa mpingo uti. Masiku ano Loweruka ndikapeza mpata ndimadutsa pomwe mabasi a kumudzi amaima kukaona ngati pali wina wasowa pogwira, ambiri amangofuna foni basi.

Mayi wa Mvano:
Mwana wanga funso lako lachiwiri lija ndi limene landikhudza, loti bwanji minibasi osati ntchito. Ukawerenge 1 Mafumu 17. Nthawi ya chilala Mulungu anatuma Eliya kwa mkazi wamasiye wa ku Zarefati, mlendo, osati Mwisiraeli, ndipo anamupeza akutola nkhuni zoti aphikire chakudya chomaliza iye ndi mwana wake. Anali ndi ufa wodzaza dzanja ndi timafuta pang'ono. Ufawo sunathe mpaka mvula inagwa, koma sitiwerenga kuti anadzuka nkupeza nkhokwe yodzaza ayi, unali wongokwanira kuphika lero, mawa nkupezanso wa mawa. Zimawawa ndikudziwa, tonse timafuna nkhokwe.

Ine ndinaziona nditagoneka amuna anga kuchipatala, ndili gadiyani, ufa utandithera nkhuni ndilibe. Kukhitchini ya magadiyani kuja kumakhala amayi ochokera ku Nsanje, ku Phalombe, ku Neno, osadziwana, koma wina akaona kuti poto wako sanakhale pamoto kuyambira mmawa amangokutapira ufa mmbale osafunsa zambiri, wina bonya, wina akuti phikani pa moto wangawu usanazime. Gogo ena a Chisena tinkamvana movutikira koma madzulo aliwonse ankabwera kudzagwada pambali pa bedi la amuna anga. Wodwala wawo anamwalira, wanga anachira, ndipo mpaka lero sindimvetsa. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 zinalinso chimodzimodzi, anthu a ku Chilobwe amene anathawira mmasukulu ndi mmatchalitchi ambiri anavekedwa ndi anthu osawadziwa mabungwe asanafike nkomwe.

Tsono poti panopa nthawi uli nayo, usamangokhala mnyumba nkumaganiza, ife timakayendera odwala, kuli ena amene palibe amawazonda, ena amangofuna wowawerengera zolembedwa pa mankhwala.

Wosapsatira:
Ine ndinene zosakomako pang'ono. Choyamba chenjerani, si aliyense wokumwetulirani pa depoti nkutchula Yesu amene watumidwa, ena amayamba ndi ndaona masomphenya pa moyo wanu mapeto ake foni yapita kapena akuti tumizani ya mbewu pa Mpamba. Munthu akakhala pamavuto ngati inuyo ndi amene amamusaka. Wochita chifundo chenicheni sakufunsa nambala, amachita nkumapita ngati mayi anu a tomatowo.

Chachiwiri, ndikudziwa wina abwera pano nkunena kuti anali mngelo. Ayi ndithu. Anali mayi wa geni amene wapsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo ndalama imene anakulipirirani ndi phindu la mulu umodzi kapena iwiri ya tomato, mwina ana ake anadya ndiwo zopanda mafuta tsiku limenelo. Tikamati mngelo timakhala ngati sizinamutengere kanthu, komanso timadzimasula tokha poti ife si angelo. Ahebri 13:2 imene anthu amakonda kutchula ija ikulamula ifeyo kuti tisaiwale kuchereza alendo, sikuti tizikhala pa siteji kudikira angelo otilipirira. Abrahamu pa Genesis 18 ndi amene anathamanga kukaphetsa mwana wa ng'ombe, alendowo anangodya. Kaya Mulungu anamutuma mayiyo, ine ndikuti eya, koma mayiyo akanatha kuyang'ana pawindo ngati anachitira ena onse mminibasimo.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse, a Wosapsatira mwandibaya koma mwanena zoona, za phindu la tomato sindinaziganize. Amayi a Mvano, kodi abambo amaloledwa kutsagana nanu kozonda odwalako kapena ndi za amayi okhaokha? Kuwerenga zamankhwala ndi kulemba mafomu ndingathe, kuyimba kokha ayi musandiyese. Komanso ngati wina wamva poti akufuna munthu wa ku sitolo kapena wosunga katundu mundiuze, satifiketi ya MSCE ndili nayo ndipo Lolemba ndikupitanso ku Limbe.