Silabu yang'ambika: ndimate ndekha kapena ndiitane injiniya?

Woika matailosi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapeza ntchito yoika matailosi m'chipinda chachikulu, koma silabu yake (konkire wa pansi) ili ndi ming'alu. Yambiri ndi yopyapyala ngati tsitsi, koma umodzi wayambira pakhomo mpaka pakona, ndipo msomali wa mainchesi 4 ukulowa bwinobwino. Eni nyumba akuti ndingomata basi, ntchito iyambe.

Womanga: Yopyapyalayo isakudetseni nkhawa, konkire amatero akamauma. Waukuluwo ikanipo levulo (chida choonera ngati malo apendekeka) mopingasa, muone ngati mbali ina yatsika. Mugogodenso ndi hamala, mutiuze mmene pakulirira.

Woika matailosi: Mbali yakukona yatsika ndi mamilimita 5. Pakulira ngati ng'oma.

Wopulasitala: Achimwene, imeneyo mutha nokha. Kulitsani mng'aluwo ndi grinder (makina odulira konkire), mutavala chotchinga mphuno chifukwa fumbi la simenti limawononga mapapo. Sesani bwino, nyowetsani, pakani SBR (mankhwala othandiza simenti yatsopano kugwirana ndi yakale), kenaka matani ndi muyezo umodzi wa simenti ku miyezo itatu ya mchenga. Muzithirira madzi masiku 7. Injiniya wa chiyani pa mng'alu umodzi?

Womanga: Njira yanuyo ndi yabwino, bambo, koma pa mng'alu umene unasiya kukula. Uwu mbali ina yatsika, kutanthauza kuti dothi la pansi lasuntha: mwina silinatsenderedwe mokwanira, mwina madzi akulikokolola. Ine zinandionekerapo. Ndinamata mokongola, matailosi anaikidwa, miyezi ingapo itadutsa anasweka motsatira mzere womwe uja, ngati wina wajambula ndi rula. Titakumba tinapeza paipi ikudontha, dothi lili phala. Matailosi atsopano ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo eni nyumba aja, amene ankandifulumizitsa, anaiwala zoti ananenapo kanthu.

Wopulasitala: Zoti patsika sindinaziwerenge, pepani. Ndiye mamatizani kachidutswa ka galasi pamng'alupo ndi epoxy (guluu wolimba), mbali zonse ziwiri. Kakasweka pakapita masabata angapo, ndiye kuti pansi pakuyendabe.

Woika matailosi: Ndazungulira kuseri. Paipi yochokera kubafa yadutsa mbali yomweyo, ndipo khoma lanyowa m'munsi. Ndawauza eni nyumba kuti pulambala ayambe waona paipiyo, injiniya adzaone silabu. Sanasangalale. Pakadali pano ndayamba chipinda china, kumene kuli yopyapyala yokhayokha.

Womanga: Zimene mwawauzazo muwalemberenso pa WhatsApp, ndipo chithunzi cha levuloyo musachifufute.