Andichotsa ntchito ati kulibe forex, ndiyambire pati?

Membala wosadzitchula: Abale anga pagulu pano ndithandizeni nzeru, admin musandiulule. Ndinkagwira ntchito ku stores pa kampani ina yoitanitsa zipangizo zomangira kuno ku Lilongwe, malipiro K260,000 pamwezi. Abwana anatiitana anthu asanu n'kutiuza kuti mabanki sakupereka madola, makontena asiya kubwera, ndiye ntchito yatha. Chikundiwawa n'chakuti mlamu wake wa supavaiza, wobwera dzana lomweli, wosadziwa kusiyanitsa msomali wa mainchesi atatu ndi wa anayi, sanamukhudze. Ine ndimagwira mpaka Lamlungu osadandaula. Pano alandilodi akundigogodera m'mamawa, kubanki mkhonde akazi anga ali ndi ngongole, apongozi nawo akungoimba foni kufunsa za feteleza ngati ndimakumba ndalama. Kuntchitoko anandipatsa K300,000 mu envulopu basi. Kodi ndi yokwanira? Kapena ndingowayalutsa pa Facebook ndi mayina awo?

Mzika Yotopa: Vuto si bwana wanuyo achimwene, vuto ndi kwacha. May 2022 anaigwetsa ndi 25 peresenti, November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Anati tikatero a IMF atipatsa ngongole, madola asefukira. Ali kuti? Dziko logulitsa fodya koma loitanitsa chilichonse mpaka zotokosera m'mano. Muchotsedwa nonse, dikirani.

Mayi wa HR (oona za antchito pa kampani): Bambo, musanawerengere ndalama tiuzeni zinthu zitatu. Anakuchotsani tsiku liti? Mwagwirapo zaka zingati? Munasainira pepala lanji polandira envulopuyo? Popanda izi tonse tingoombeza.

Wa Kabaza ku Biwi: Gulani njinga ndi K300,000 yo mubwere pasiteji, kuno kulibe supavaiza kapena mlamu wake.

Kalaliki Wopuma: Lamulo lake ndi Employment Act ya 2000. Munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yakumana ndi mavuto a zachuma, ayenera kulandira severance, ndalama yolipira zaka zimene wagwira ntchito, malinga ndi gawo 35. Kawerengedwe kake: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika chakhumi, masabata anayi kupyola pamenepo. Malipiro a sabata mumawapeza pochulukitsa a mwezi ndi 12 n'kugawa ndi 52. Pa K260,000 zikupereka K60,000. Tiyerekeze mwagwira zaka 7: masabata 10 a zaka zisanu zoyamba, kuphatikiza 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse 16. Ndiye K960,000. Ngati mumalandira ndalama ya nyumba payokha, imalowa nawo m'chiwerengerocho. Pamwamba pake pali notisi: wolandira pamwezi amapatsidwa mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi ngati amuuza kuti achoke lero lomwe. Palinso masiku a tchuthi amene simunapite, 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, 15 kwa wogwira asanu. Ndikaona K300,000 yanuyo ndikuganiza kuti ndi notisi ndi katchuthi pang'ono, severance mulibe.

Mzika Yotopa: Masamu okoma akulu, koma K960,000 yo akadzailandira idzagula matumba angati a simenti? Mlandu ukatha zaka zitatu kukhoti, ndalama imakhala yadyedwa kale ndi kukwera mitengo. Malamulo athu ndi a papepala. Olemba ntchito amadziwa kuti wosauka atopa yekha.

Kalaliki Wopuma: Ndiye asapite? Milandu yambiri yotere imathera ku ofesi ya leba osafika kukhoti, makamaka ngati wodandaula wabwera ndi masamu ake olemba bwino. Ndipo khoti limatha kuganizira za kugwa kwa kwacha powerengera chipukuta misozi. Mukuwafooketsa chabe.

Membala wosadzitchula: Zikomo nonse. Zaka ndi 7 ndi miyezi ingapo, mwalasa akulu. Koma nkhani ya mlamu wa supavaizayo palibe akuikhudza. Munthu ameneyu ankabwera 9 koloko, ine 7 ndili pageti.

Nachisale: Inu bambo, akufunsani za pepala ndi tsiku, mukuyankha za mlamu wa eni. Mlamuyo akulipirirani lendi?

Mlaliki wa Pamsika: Khomo limodzi likatsekeka Yehova amatsegula lina. Salani kudya masiku atatu, musathamangire makhoti a anthu.

Mayi wa HR: Nkhani ya mlamuyo ili ndi ntchito, koma pamalo pake. Pochepetsa antchito, kampani iyenera kuonetsa kuti vuto la zachuma lilipodi komanso kuti anasankha ochotsedwa mwachilungamo, osati mwa nkhope. Gawo 57 la Employment Act ija limafuna chifukwa chomveka, ndipo udindo wopereka chifukwacho uli pa olemba ntchito, osati pa inu. Akalephera, ndi kuchotsa ntchito mosatsata chilungamo, ndipo chipukuta misozi chake chimabwera pachokha, kuwonjezera pa severance. Ndiye lembani tsiku limene mlamuyo analowa ntchito ndi ntchito imene akugwira pano. Ngati wakhala pampando wanu ku stores, ndiye kuti ntchitoyo sinathe. Zoti amabwera 9 koloko zisiyeni.

Koma pepala lija ndi limene likundidetsa nkhawa. Makampani ena amakulembera kalata yonena kuti wasiya wekha, n'kuiika pansi pa envulopu kuti usainire ngati lisiti. Wosiya yekha salandira severance. Ena amalemba kuti ndalamayo ndi yomaliza ndipo simudzafunanso kanthu. Kukhoti zimatheka kutsutsa kuti munakakamizidwa, koma phiri lake ndi lalitali.

Mzika Yotopa: Ayalutseni basi! Ikani dzina la kampani, chithunzi cha bwana, tigawane m'magulu onse. Amalonda amenewa amalira kuti kulibe forex kubanki uku akugula madola pamsika wakuda n'kutikwezera mitengo. Manyazi okha ndi amene amawagwira. Ndipo khoti linathetsa kale mlandu woipitsa mbiri, palibe angakumangeni.

Wophunzira Malamulo: Pamenepo mwanena theka. Mu 2025 High Court inagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe limachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa kupolisi, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma bwanayo atha kukusumirani yekha kufuna ndalama chifukwa chomuipitsira mbiri. Komanso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 idakalipo, ndipo anthu akhala akumangidwa nayo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Mukalemba kuti ndi mbava kapena amagula madola mozemba popanda umboni, mwawapatsa chikwapu chokukwapulirani.

Mzika Yotopa: Ndi mantha amenewa dziko silidzasintha. Boma lililonse likalowa limalonjeza kukonza lamulo la pa intanetilo, likakhazikika limayamba kulikonda. A chipani ichi, a chipani icho, onse amodzimodzi.

Admin: Za zipani pitani nazo kwina. Ndipo dzina la kampani likaoneka pano ndifufuta.

Wa Union: Mukadakhala mu union sakadakupatsirani ndalama mu envulopu ngati ya chipepeso cha maliro. Ogwira ntchito m'mashopu amakana kusonkha kandalama ka pamwezi, akachotsedwa ndiye ayamba kufunsa Facebook.

Nachisale: Nanga penshoni bwanji palibe akuitchula? Pa payslip amakudulani 5 peresenti, kampani imayenera kuikapo 10. Pitani ku kampani yosunga penshoni yanu ndi chitupa cha unzika, mupemphe sitetimenti. Muone ngati mwezi uliwonse ndalama inkalowadi, chifukwa makampani ovutika amayamba n'kudula osatumiza. Mukapeza mipata, kadandauleni ku Reserve Bank, ndi amene amayang'anira za penshoni. Ndalama imeneyi ndi yosiyana ndi severance, asakunamizeni kuti ina yalowa m'malo mwa inzake.

Wa Kabaza ku Biwi: Ngati amalandirira mu envulopu, payslip aitenga kuti mayi?

Kalaliki Wopuma: Popanda payslip umboni ulipobe: mauthenga a banki kapena a Airtel Money ndi Mpamba osonyeza malipiro, chitupa cha kuntchito, mauthenga a WhatsApp a supavaiza okuitanani Lamlungu, ndi anzanu anayi aja. Musafufute kanthu mufoni. Lembani kalata ku kampani yopempha kalata yokuchotserani ntchito, kope ya pepala munasainalo, ndi tsatanetsatane wa K300,000 yo. Ikhale makope awiri, imodzi akudindireni mubwerere nayo. Kenako ku ofesi ya leba ya boma lanu, ndipo ndi bwino kupita asanu nonse. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kumeneko pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. A leba amaitana mbali zonse, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, lomwe ku Lilongwe liliko. Ngati mulibe ya loya, yesani ku Legal Aid Bureau.

Mzika Yotopa: Pitani, mukapeza ofesala alibe mafuta a galimoto okaperekera kalata yoitanira bwanayo. Mudzandikumbuka.

Mayi wa HR: Bambo, kachitatu tsopano. Tsiku ndi pepala.

Membala wosadzitchula: Pepala ndinasaina, koma linali la Chingerezi cholimba ndipo akauntanti anaphimba pamwamba ndi dzanja, kope sanandipatse. Tsiku lenileni ndiyang'ana, koma chimanga chinali chisanaume. Funso lina abale, kodi alandilodi ali ndi mphamvu yochotsa chitseko cha nyumba ndili momwemo?

Mayi wa HR: Chisanaume chaka chino kapena chatha? Mawa lomwe pitani ku leba, za chitseko mufunse mukabwerako.