Thandizeni: mitengo ya zipinda ikudukiza pa foni

Akuluakulu odziwa CSS (malamulo okonzera maonekedwe a tsamba la pa intaneti), ndigawireniko nzeru. Malume anga ali ndi kaloji kakang'ono ku Senga Bay, kuno ku Salima, ndipo ndikuwakonzera tsamba loti alendo aziona zipinda ndi mitengo yake asananyamuke ku Lilongwe. Ntchitoyi ndikuphunzira ndekha, usiku, pomwe netiweki imakhala bwino.

Chipinda chilichonse ndachiyika mu div (bokosi) yakeyake: width (m'lifupi) 600px, height (kutalika) 300px, padding (mpata wa mkati mozungulira) 20px, border (mzere wa m'mphepete) 2px. Pa laputopu zonse zili m'malo mwake. Koma dzulo malume atsegula pa Tecno yawo tili pakhonde, ndipo mtengo wa chipinda unangooneka theka, mpaka kukoka ndi chala kuti uwone manambala omaliza. Anandifunsa kuti, “Mlendo akaona 25 yokha, adziwa bwanji kuti ndi 25,000?” Zinandikhudza, chifukwa alendo awo ambiri amafunsa pa foni.

Ndinasintha kukhala width 100%, bokosi likutulukabe kumanja pang'ono. Komanso mawu ofotokoza za nsima ya chambo akusefukira pansi n'kukwera pa chithunzi cha nyanja. Mzere wa viewport, wouza foni kuti tsamba lilingane ndi sikirini yake, ndinauyika kale. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, msakatuli sawerengera padding ndi border mkati mwa width pokhapokha mutamuuza. Bokosi lanu la 600 lija kwenikweni ndi 644, chifukwa mbali iliyonse yawonjezera 22. Ndi 44 yomweyo imene ikutuluka mukalemba 100%. Lembani box-sizing: border-box kuti aziwerengera zonsezo mkati. Ndiponso div imadzaza yokha m'lifupi mwa malo amene ilimo, choncho chotsani width yonseyo, musiye max-width: 600px basi.

Yankho lina: Height ya 300px ndiye ichotseni lero lomwe. Foni ndi yopapatiza, mizere imachuluka, koma inu mwalilamula bokosi kuti lisatalike. Ngati mukufuna mabokosi asafupike kwambiri, lembani min-height.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, mitengo ikuoneka yonse tsopano. Chatsala ndi chithunzi cha bwato la malume, chikutulukabe m'bokosi. Nacho ndichipatse max-width: 100% ndi height: auto, kapena pali njira ina?