Kodi “kamba” ndi chiyani, nanga “mlendo ndi mame” ankagwira ntchito pa ulendo wa anthu ambiri?

aNabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa nkhani ya ulendo womaliza wa David Livingstone, wa 1866, pali mawu akuti “kamba adawathera m'njira”. Kamba wake uti, poti amene timamudziwa ndi wa chigoba uja? Chachiwiri, makolo ankati mlendo ndi mame. Nanga njala inawagwira bwanji akudutsa m'midzi ya anthu?

aPhiri:
Ayi mayi, si nyama ija. Kamba ndi chakudya chonyamula paulendo, chimene sichifuna mphika ndipo sichigaga msanga: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha, chigumu, nyama yowamba, usipa wouma. Musamusokoneze ndi phoso. Phoso, lofanana ndi posho la Chiswahili, ndi muyeso wa ufa kapena nyemba umene wolemba ntchito amapereka tsiku ndi tsiku kapena pa sabata. Kamba amakonzedwa kunyumba ndipo ndi wa masiku ochepa.

aMbewe:
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Wamtengatenga ankasenza makilogalamu pafupifupi 25 mpaka 30. Munthu woyenda tsiku lonse ndi katundu pamutu amafuna ufa wosachepera theka la kilogalamu, ndipo kuti asafooke uyandikire kilogalamu yathunthu. Werengani nokha: atasenza ufa wokhawokha, pakutha mwezi wadya katundu wake yense, ndipo hema, mfuti ndi mankhwala palibe wanyamula. N'chifukwa chake maulendo aatali sankadalira ufa wonyamula. Ankasenza nsalu ndi mikanda zogulira chakudya m'midzi. Nzeru imeneyi imagwira pokhapokha mudziwo ukhale ndi chotsala m'nkhokwe.

Gulu la Livingstone linanyamuka ku Mikindani, kufupi ndi mathiriro a mtsinje wa Rovuma, mu Epulo 1866. Munali asilikali a ku India, amuna a ku chilumba cha Johanna (Anjouan, ku Comoros), anyamata ochokera kusukulu ya Nasik ku India, komanso antchito ake Susi ndi Chuma. Anatenga ngamila, njati zoweta za ku India, nyulu ndi abulu kuti zisenze katundu. Zambiri zinafera m'njira, mwina ndi kashembe mwina ndi nkhanza za ozikusa, ndipo katundu wake anabwerera pamitu ya anthu omwe ankafunikanso kudya.

aNangozo:
Ine nditengeko za mwambiwo. Mame amagwa usiku, dzuwa likangotuluka auma. Mlendonso sakhalitsa, choncho mpatse zabwino, usamuwerengere mbamu, mawa apita. Mwambiwu ukulangiza mwininyumba. Sukulonjeza woyenda kuti kulikonse adzadya. Ndipo makolo ankaganiza za munthu mmodzi kapena awiri. Anthu makumi angapo akagona masiku atatu pamudzi waung'ono, nkhokwe ya banja lonse imatsika.

Kumene kunali chakudya mwambowu unkasungidwa ndithu. Mfumu Mataka ya Ayao inawalandira ku Mwembe mu Julayi 1866 ndi kuwadyetsa bwino atadutsa dera lopanda anthu. Koma mphatso ya mfumu inkafuna kubweza, nsalu kapena bulangete, ndiye nayonso inkachepetsa katundu wogulira chakudya kutsogolo.

aMbewe:
Zoona mayi. Onjezani nyengo. Anafika pa nyanja ya Malawi mu Ogasiti, nazungulira kumwera kudzera kwa mfumu Mponda. Kumapeto kwa Sepitembala amuna a ku Johanna anathawa poopa Angoni. Luangwa anawoloka mu Disembala, n'kulowa m'dziko la Abisa mu Januwale 1867, pakati penipeni pa miyezi ya njala, dziko litasakazidwanso ndi nkhondo ndi ogwira akapolo. Munthu amene watsala ndi dengu limodzi la mawere sangaligulitse, ngakhale mum'tambasulire nsalu yokongola bwanji. Mbuzi zinayi zimene zinkamupatsa Livingstone mkaka zinasowa pa Khirisimasi ya 1866. Iye mwini analemba kuti anafupikitsa lamba wake ndi mabowo atatu. Pa 20 Januwale amtengatenga awiri anathawa ndi katundu, momwe munali ufa ndi bokosi la mankhwala, kwinini yense ali momwemo.

aPhiri:
Ena adzafunsa kuti bwanji osadya zakutchire. Ankadya, makamaka bowa ndi masuku. Koma bowa ndi madzi okhaokha, amadzaza mimba osapereka mphamvu yosenzera katundu. Nyama nayo imavuta m'dzinja: udzu watalika, madzi ali paliponse ndiye nyama sizisonkhana pa dziwe limodzi, onga wanyowa. Ukapha, kuwamba kumafuna moto wa usiku wonse, apo ayi mawa lake yayamba kununkha. Ufa wonyowa umachita nkhungu m'masiku ochepa, makamaka mgaiwa. Chinangwa chowawa sungachidye lero lomwe, chimafuna kuviika masiku atatu kapena anayi, ndipo gulu lonse likudikira likudya chomwecho chatsalacho.

aNabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Koma aNangozo, pali ena amati mwambiwu ukudzudzula mlendo wokhalitsa. Ndi zoona?

aNangozo:
Amautembenuza choncho, inde, makamaka akafuna kulasa mlendo amene wayamba kufunsa kumene kuli khasu la eni nyumba koma osaligwira. Tanthauzo loyamba ndi lija lolangiza wolandira alendo.